Nyali ya Yotamu ndi Ngumbi za Apongozi Ake

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu. Ndikati kalekale ndikunena nthawi imene msewu uwu unali usanalambulidwe, sitolo ili ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo munthu wokhala ndi bokosi la machesi akuyesedwa bwana. Yotamuyo ndiye bambo wa agogo anga aakazi, a Dolika, amene anandisimbira nkhaniyi. Choncho magazi ake ali mwa ine, ali mwa inunso, ndipo ndikaona momwe ena a inu mumaumira mitu, sindivutika n'kufunsa kuti mwatengera yani. Ikani kaye mafoniwo pansi. Mvula iyi siikata msanga. Manja azisenda mtedza wa mbewuwo, makutu akhale kuno.

Yotamu sanali mbadwa ya muno. Anali mkamwini. Anachokera kuseri kwa mapiri uko, n'kudzakwatira Nambewe, mwana wa mayi wina wamasiye, a Nakwenda. Inu a lero mukamva zoti mkamwini mumangoseka, koma kale chikamwini chinali ntchito. Munda ukulima iwe, koma ndi wa eni. Nyumba wamanga wekha, koma dothi ndi la eni. Ana wabereka iwe, koma nawonso ndi a eni. Ukalakwa sankakumenya ayi. Unkangodzuka m'mawa n'kupeza mphasa yako ndi nkhwangwa yako zili panja, ndiye kuti ukwati watha, nyamuka, ana atsala ndi amalume awo. Ndipo apongozi ako aakazi sunkawayang'ana kumaso. Mukakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu ankadzera mwa mkazi wako. Sichinali chidani chimenecho, unali ulemu, ndipo Yotamu anakhala muno zaka, ana mpaka kubadwa, nkhope ya a Nakwenda asanaione bwinobwino.

Tsono ndifunseni, ankaunikira chiyani anthu amenewo? Inu mumangodina kabatani, chipinda chonse n'kuyera, batire yake itadya dzuwa la masana padenga. Iwo analibe zimenezo. M'nyumba ankatunga nsatsi pakamtengo ngati mikanda, n'kuyatsa kumapeto, imodzi ikatha moto n'kulumphira inzake. Panja ankamanga muuni wa udzu, woti uziyenda nawo mothamanga usanakupsereze zala. Koloboyi, kanyali kachitini kaja kamene kankatidetsa m'mphuno ife, kanabwera pambuyo. Tochi ndaiona ine ndili mnyamata, yolemera ngati mpini wa khasu. Mabatire ake akafooka tinkawayanika padzuwa, ena tinkachita kuwaluma ndi mano, kuti atipatseko kuwala kofiira kwa madzulo amodzi okha. Mukuseka? Sekani. Zanuzinso adzaziseka ana anu. Koma m'masiku a Yotamu, ngakhale koloboyi yemweyo akanamuvinira chimtali.

Chaka china Yotamu anapita ku Joni, kumigodi, monga ankachitira amuna ambiri. Anakhalako ndithu, mpaka ena kuyamba kunong'ona kuti watchona. Koma anabwera. Anabwera ndi bokosi lachitsulo loti anthu awiri anyamulizane, ndipo m'bokosimo munatuluka zinthu zimene mudzi uno unali usanaone. Munatuluka simbi ya makala, m'mudzi momwe malaya oti n'kusita analipo ake okhawo. Munatuluka galamafoni, imene inaimba mwezi umodzi, chitsulo chake cham'kati n'kuduka, ndipo pambuyo pake nkhuku za Nambewe zinkaikira mazira m'bokosi mwake. Pomalizira pake munatuluka nyali.

Ha, nyali imeneyo! Inali nyali yopopa. Inali ndi mimba yamkuwa yothiramo palafini, galasi pamwamba, ndi kathumba koyera m'kati, kosalimba ngati phulusa, koti ukakakhudza ndi chala kamangoyoyoka. Yotamu ankaipopa, kuipopa, kuipopa, kenako inkayamba kulira kuti fooo, kuwala n'kuti ngwee, mpaka munthu kutola singano pabwalo. Tsiku loyamba atambala analira, kuyesa kwacha. Agalu anathawira kudambo. Anthu anachoka m'midzi yoyandikana nafe kudzangokhala pansi n'kumaiyang'ana, maso akutuluka misozi koma osafuna kuphethira. Mwini wake ankaipukuta ndi phulusa m'mawa uliwonse, ndipo munthu wina sankaloledwa kuikhudza. Nambewe ankauza anzake kuchitsime kuti, "Amuna anga abwera ndi mkazi wachiwiri, ndipo iyeyo ndiye akusambitsidwa."

Mpaka pamenepo panalibe mlandu. Mlandu unabwera ndi mvula yoyamba, chifukwa mvula yoyamba imabwera ndi ngumbi.

Inu ngumbi mumazipeza pamsika zili m'kambale, zokazingakazinga. Kale chulu chilichonse chinali ndi mwini wake, ndipo chinkasiyidwa kwa ana ngati munda. Nthawi imeneyi ya chaka nkhokwe zimakhala zikuoneka pansi, ndiwo zasowa, ndiye ngumbi ndizo zinali nyama, ndizo zinali mafuta. Ukazikazinga, kuziyanika n'kupeta mapiko, zinkakufikitsa mpaka maungu atayamba. Mwini chulu ankalambula pozungulira, n'kukumba kadzenje pambali, n'kuikamo mphika. Masana ankakazonda ngati chiswe chatsegula timabowo. Dzuwa likangolowa ankayatsa muuni pafupi ndi dzenjelo, ngumbi n'kumatsata moto, iye n'kumasesera mumphika. Muuni ndi wofooka, umangoitana ngumbi za chulu chako chokha. Ndiye palibe anaganizapo zoika lamulo pa zimenezi, chifukwa moto wa aliyense unali wofanana ndi wa mnzake.

A Nakwenda anali ndi chulu chachikulu, patsinde pa msuku, chimene anawasiyira mayi awo. Chinaliponso china chaching'ono pafupi ndi nyumba ya Yotamu, ndipo chimenecho anali atapatsa mwana wawo Nambewe. Madzulo a ngumbi atafika, anthu onse ali pazulu zawo ndi miuni, Yotamu anatulutsa nyali yake n'kuikhazika pakachulu ka mkazi wake. Anapopa, anapopa, inati ngwee.

Mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani? Ngumbi ilibe mbale. Imangotsata pamene pakuwala kwambiri. Zinachoka kumsuku, zinachoka kudambo, zinachoka kuseri kwa makola, zikubwera ngati utsi, zonse kwa Yotamu. Mphika unadzaza. Dengu linadzaza. Nambewe mpaka anagubuduza mtondo n'kumathiramo. Pamenepo n'kuti anthu ena ataima pazulu zawo, miuni ikuwathera m'manja, akuona ndiwo zawo zikuuluka pamwamba pa mitu yawo. A Nakwenda anabwerera kunyumba ndi ngumbi zosadzaza chikhato.

M'mawa mwake kunafika Kachigamba, mchimwene wake wa Nambewe, amene anali mwini mbumba. Anapeza mphasa zitatu zayalidwa pabwalo, zonse zili bii ndi ngumbi.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Fungo landipeza ndili kwathu."

"Tadzuka, alamu," anayankha Yotamu. "Chauta watikumbukira."

"Wakumbukira inu nokha? Amayi agona ndi mphika wouma. Mudzi wonse wagona ndi miphika youma."

"Pepani. Koma ndifunse nawo, alamu. Kodi phazi langa laoneka pachulu cha munthu?"

"Silinaoneke."

"Nanga dzanja langa?"

"Silinaoneke."

"Ndiye ndaba chiyani? Ngumbi zili ndi mapiko, zimapita kumene zafuna. Kapena za amayi zinadulidwa khutu ngati mbuzi? Ngati zili choncho, khalani pansi tisankhe."

Anthu amene anali pafupi anaseka, ngakhale amene anagona ndi njala. Munthuyo anali ndi pakamwa, ndipo choipa chake n'chakuti sananame. Kachigamba anangoyang'ana pansi, nati, "Mkamwini asamakule mwendo, alamu." Atatero anatembenuka n'kumapita.

Nambewe anadikira anthu abalalike. "Bambo a Dolika," anatero, "tsiku la ngumbi muziisiya m'nyumba nyaliyi. Masiku ena onse iyatseni, mpaka atambala asase mawu."

"Amake Dolika, iwe sukudziwa kumene ndinali," anatero Yotamu. "Ndinalowa pansi pa nthaka, kumene dzuwa silidziwika, kumene anzanga ena sanatulukeko. Ndili kumeneko ndinalumbira kuti ndikakafika kwathu, ana anga sadzadyeranso mumdima. Lero ndiibise chifukwa ikuwala?"

Mukumumva? Musamuyese chilombo Yotamu. Anali munthu wotopa ndi mdima. Ndipo sanali womana ayi. Tsiku lomwelo anadzaza dengu ndi ngumbi zokazinga, zothira mchere, n'kutuma mkazi wake kuti akapereke kwa apongozi. A Nakwenda analiyang'ana dengulo, osaligwira. Anati, "Ukawauze amuna ako kuti zikomo. Koma munthu sapatsidwa mphatso ya mbuzi yake yomwe." Nambewe anabwerera nalo pamutu akulira. Yotamu anapsa mtima. "Ndapereka, akana. Tsono mlandu wanga uli pati?"

Mvula inagwanso, ngumbi zinatulukanso, ndipo zinachitanso chimodzimodzi. Koma anthu ndi anthu, ana inu. Omwe aja ankadandaula anaona kuti kukangana ndi nyali n'kutaya nthawi. Mmodzimmodzi anayamba kubwera ndi malichero awo kwa Yotamu. "Tisese nawo kumbali kuno, akamwini?" Iye n'kumati, "Sesani, sesani, zakwanira tonse." Anayamba kuyenda pabwalopo manja ali kumbuyo, akuloza wina apa, wina apo. Mudzi wonse unasiya zulu zake n'kudzasonkhana pakuwala kwa mkamwini, ndipo aliyense ankabwerera ndi kanthu.

Aliyense, kupatula munthu mmodzi. Ndani? Ganizani. Ndani m'mudzi monsemu amene sakanatha kulowa m'kuwala kuja n'kuima pamaso pa Yotamu? Anali a Nakwenda. Mwambo womwewo umene unkawapatsa ulemu ndi umene unawatsekera kunja. Mwini chulu chachikulu kuposa zonse ndiye anatsala wopanda ndiwo, akudya masamba owawa a kutchire, ndipo palibe anazindikira, chifukwa aliyense anali wotanganidwa ndi lichero lake.

Madzulo ena ngumbi zinatuluka zambiri kuposa kale. Pabwalo pa Yotamu panali phokoso, amayi akuseka, masache akulira. A Nakwenda anatenga lichero lawo n'kuzembera kuseri kwa nkhokwe, pamene kuwala kwa nyali kunkathera. Kumeneko kunkagwera ngumbi zotopa, zimene zathothoka kale mapiko, n'kumakwawa muudzu. Anagwada pamenepo n'kumafufuza ndi manja. M'maganizo mwawo sankapempha, ndipo sankaba. Ankatola za chulu chawo, pamene zagwera.

Kenako anatsokomola. Anayesa kuchitsekera m'nsalu chifuwacho, koma chinatuluka.

Yotamu anachimva, ndipo anachizindikira. Nkhope ya apongozi ake sankaidziwa, koma chifuwa chawo ankachidziwa, poti chinali chimene chinkamuchenjeza panjira kuti apatuke. Mtima wake unamuwawa. Kwa nthawi yoyamba anaona chimene wachita, kuti mayi wobereka mkazi wake akufufuza muudzu ngati nkhuku, iye madengu ali tho. Tsono kumgodi kunali lamulo limodzi limene munthu aliyense ankalisunga. Mnzako akamafufuza chinthu mumdima, sufunsa, umamuunikira. Yotamu sanaganize kawiri. Ananyamula nyali ija, n'kuzungulira nkhokwe, n'kuikweza m'mwamba.

"Amayi, ndikuunikireni."

Kunati ngwee. Ndipo poti nyali inasuntha, maso a mudzi wonse anasuntha nayo.

A Nakwenda anali chogwada, nsalu ataikwinyira m'chiuno monga amachitira munthu akakhala yekha, mpango utagwa, imvi zili poyera, mawondo ali matope okhaokha. M'lichero mwawo munali mapiko ambiri kuposa ngumbi. Anadzutsa mutu, maso awo n'kukumana ndi a mkamwini wawo. Masache onse anaima, kumangomveka nyali ija ikulira. Mayiyo anatukula lichero kuti abise nkhope, ndipo mapiko onse aja anawakhuthukira m'mutu. Pamenepo wina, sindidziwa kuti ndani, analephera kudzigwira n'kuseka. Anaseka mmodzi, ena n'kutsatira. A Nakwenda sanathamange. Anadzuka pang'onopang'ono, lichero lili kumaso, n'kulowa mumdima.

Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, ndipo zaka zonsezi sindinadziwebe kuti ndimvere chisoni yani kwambiri.

Kutacha, Yotamu anapeza mphasa yake ndi nkhwangwa yake zili panja. Amene anazitulutsa anali Kachigamba, ndipo anali atakhala pamwala akudikira. Nambewe anali m'nyumba ndi ana, chitseko chotseka.

"Za ngumbi zija munatigonjetsa ndi pakamwa, alamu," anatero Kachigamba. "Nanga izi mutiuza chiyani?"

Pakamwa paja panauma. "Ndimafuna kuwathandiza," ndi zokhazo zimene anatha kunena.

"Mwawathandiza. Mudzi wonse waona mawondo a mayi anga. Tumizani mawu kwa ankhoswe anu. Akafika mudzanyamuke nawo limodzi. Ana ndi athu."

Yotamu anakakhala mumsasa wa kumunda podikira ankhoswe, ndipo poti kwawo kunali kutali, mitsinje itadzaza, panapita masiku. A Dolika ankati chimene ankakumbukira pa masiku amenewo n'chakuti akamadya pakhonde, ankaona bambo awo ataima patali pafupi ndi nthochi, akuwayang'ana, osayandikira. Akanapepesa bwanji? Kwa apongozi sungapite wekha. Mkazi amene akananyamula mawu ake anali ataletsedwa kulankhula naye. Munthu amene ankagonjetsa mudzi wonse ndi lilime anapezeka alibe njira yoti mawu ake afike kumene ankafunika.

Ndiye anachita chinthu chimene anthu anachiyesa misala. Anatenga khasu n'kupita kuchulu cha a Nakwenda, patsinde pa msuku paja. Analambula bwinobwino, anakonza dzenje, anaikamo mphika. Dzuwa litalowa anayatsa nyali yake n'kuikhazika pambali pa dzenjelo. Kenako anakhala pansi ataifulatira, nkhope yake italoza kutchire. Nyali ikafuna kupopa, ankapopa chakumbuyo, osatembenuka. Ankafuna kuti mwini chulu abwere adzasese zake, podziwa kuti palibe diso la mkamwini limene limuone.

Koma ngumbi sizinatuluke. Chulu chinali chitapereka kale zake za chaka chimenecho, ndipo zonse zinali zitathera m'madengu a anthu ena. A Nakwenda nawonso sanabwere. Mvula ikagwa masana, madzulo Yotamu ankapitanso. Ankayatsa, ankafulatira, ankadikira. Anthu odutsa ankati, "Taonani, mwini dzuwa akuotha mdima." Iye n'kumangopopa chakumbuyo. Palafini ankatsika m'mimba mwa nyali, ndipo sitolo inali kutali. Ankadziwa kuti akangotuluka m'mudzi muno kukagula wina, sadzaloledwa kulowanso.

Kenako kunamveka kuti ankhoswe ake awoloka mtsinje, afika mawa. Madzulo amenewo anathira madontho otsiriza. Nyali inayaka pang'ono, kenako inayamba kutsamwa. Anapopa chakumbuyo, inafiira. Anapopanso, inati phethiphethi, n'kuzima. Kunati bii. Yotamu sanadzuke. Anangokhala pomwepo, mutu uli pamawondo, akulira ngati mwana, poganiza kuti mawa aona ana ake komaliza.

Ali chomwecho, anamva chifuwa chija kumbuyo kwake.

"Yazima?"

"Yazima, amayi."

"Musatembenuke."

"Sinditembenuka."

"Chabwino. Tsopano tingathe kulankhula ngati anthu." Anamva mayiyo akukhala pansi, chapatali, kuseri kwa msuku. "Akamwini, mukuyesa ndinakwiyira ngumbi? Njala ine ndinaiona inu musanabadwe. Ndinadyapo mizu ya nthochi, ndinaika ana awiri m'manda chaka chimodzi. Njala siichititsa manyazi ikakhala kwa mwini wake. Mdima uja ndinausankha ndekha. Ndinayang'ana pamene kuwala kwanu kukuthera, n'kukhala kuseri kwake. Ndiyo inali nsalu yanga imeneyo, ndipo inu munabwera n'kundivula pamaso pa anthu."

"Ndinamva chifuwa chanu, amayi. Mtima unandiwawa. Kumgodi mnzako akamafufuza..."

"Kuno si kumgodi. Ndikudziwa kuti simunachite mwachipongwe. Mukanatero, bwenzi pano mutafika kale kwanu. Koma munamva chifuwa changa. Mukanangokhala ngati simunamve."

Yotamu anakhalabe chofulatira, ndipo mwina n'chimene chinamupulumutsa. Kudambo achule ankalira.

"Masiku onsewa ndakhala ndikuona msana wanu kuchokera pakhomo panga," anatero a Nakwenda. "Msana umenewu walankhula bwino kuposa pakamwa panu paja. Mphasa yanu ndakaitenga kumsasa, ndailowetsa ndekha m'nyumba. Kachigamba ndi mwana wanga, sangaitulutsenso. Dikirani ndifike kwathu, kenako mudzuke. Ana akhala akukufunsani."

Ankhoswe aja atafika m'mawa, anapeza mlandu kulibe. Anawaphera nkhuku, anadya, n'kubwerera kwawo m'matope momwemo. Yotamu anakhala muno mpaka kukalamba, analera ana ake, ndipo manda ake ali kumsitu uko pamodzi ndi eni mudzi. Nyali ija ankaiyatsabe pamaliro ndi pamaukwati, ataipachika m'mwamba mumtengo, kufikira kathumba kake komaliza kanayoyoka, kena osapezekanso. Ine ndinaiona itachita dzimbiri, a Dolika akusungiramo mbewu ya mpiru.

Mukuti yatha bwino? Dikirani. Madzi akatayika saoleka. Kuyambira madzulo a kuseka aja, achinyamata anayamba kuwatchula a Nakwenda kuti a Tolamapiko. Poyamba ankanena mobisa. Kenako dzinalo linazolowereka, ana obadwa pambuyo anakula osadziwa kuti mayiyo anali ndi dzina lina. Mayi amene anasunga mbumba yonse pa njala, amene anapulumutsa ukwati wa mwana wake, anakalamba akudziwika ndi madzulo amodzi okha amene sanafune kuti munthu awaone. Kuchulu chawo sanapitenso. Anachipereka kwa Nambewe, ndipo ngumbi zikatuluka iwo ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Yotamu ankalimva dzinalo kuchitsime, kumowa, kubwalo, ndipo akalimva ankadzuka n'kuchokapo, ngakhale chakudya chili m'manja. Tsiku la maliro awo, mnyamata amene anatumidwa kukalengeza m'midzi ananena kuti amwalira a Tolamapiko. Sanachite mwano. Dzina lenileni sankalidziwa. A Dolika ankati tsiku limenelo bambo awo analira kuposa ana obadwa m'mimba mwa malemuwo.

Ine sindidana ndi kuwala, musandimve molakwa. Maso angawa afooka, ndipo babu la sola ili ndimalithokoza madzulo aliwonse. Ndaona amayi akuchira kuchipatala popanda kugwirirana koloboyi. Ndaona inu mukuwerenga popanda utsi m'maso, zimene ife sitinazilote n'komwe. Kanthu kali m'thumba mwakoko, iwe Lonjezo, kamawala kuposa nyali ya Yotamu, osapopa, osathira palafini, batire yake yopyapyala ngati tsamba. Komanso kamajambula, n'kutumiza chimene kaona kwa anthu a kutali amene sadzafunsa n'komwe dzina la munthuyo. A Nakwenda anawaona anthu a mudzi umodzi wokha, koma taonani momwe zinawathera.

N'chifukwa chake ife a mbumba ino, tikakumana ndi munthu panjira tochi ili m'manja, timailozetsa pansi, pamapazi athu, mpaka atadutsa. Mwakhala mukundimva ndikukukalipirani za zimenezi, n'kumati agogo ndi ovuta. Lero mwadziwa kumene zinachokera. Munthu amene ali mumdima si nthawi zonse amakhala atasochera. Mwina wayeza bwinobwino pamene kuwala kwanu kukuthera, n'kusankha yekha kukhala pamenepo. Tsono mukamva wina akutsokomola kuseri, musathamangire kudina. Yambani mwafunsa kuti, "Ndiunike?" Akakhala chete, ndiye kuti wayankha.